Mkazi amene anakuwa atafa kale

Ndi pakati pa usiku mumzinda wa New York. Bambo wina wachuma, Charles Spotswoode, watuluka m'chipinda cha mtsikana wovina m'zisudzo ndipo wafika pamalo olandirira alendo a nyumbayo. Mwadzidzidzi kukumveka mfuu ya mkazi kuchokera kuchipinda komwe bamboyo wachokera. Iye ndi mnyamata wogwira ntchito pamalopo akuthamangira kukhomo, akugogoda, ndipo mawu a mkazi akuyankha m'katimo kuti palibe chovuta. Bamboyo akunyamuka ulendo wakwawo. Kutacha, mtsikana uja akupezeka atafa, wina atamukanyanga pakhosi.

Apolisi akuyamba kusakasaka, koma pali munthu mmodzi amene sakumuganizira n'komwe. Angamuganizire bwanji, poti mboni inamva ndi makutu ake mtsikanayo akuyankhula bamboyo ali kunja kwa chitseko?

Umu ndi momwe mlandu umayambira mufilimu ya The Canary Murder Case, yomwe kampani ya Paramount inatulutsa mu February 1929. Ndichenjezeretu kuti ndiulula wakupha, chifukwa chomwe ndikufuna kufotokoza sichingamveke popanda kuulula. Filimuyi yatsala pang'ono kukwana zaka 100, choncho mundikhululukira.

Wakupha ndi Spotswoode yemweyo. Mtsikanayo, Margaret, yemwe anthu amamutcha Canary potengera kambalame kachikasu koimba mokoma, anali atafa kale pamene bamboyo ankatuluka m'chipindamo. Chomwe chinakuwa ndi mbale ya galamafoni. Spotswoode anaijambuliratu kunyumba, anaiika pagalamafoni ya mtsikanayo, n'kutuluka. Gawo loyamba la mbaleyo linali zii, kuti iye apeze nthawi yofika kumene kuli mboni. Kenako mfuu. Kenako kampata kena kokwanira kuthamangira kukhomo ndi kufunsa funso. Kenako yankho. Ntchito yake inali kungofunsa pa nthawi yoyenera, kuti makinawo aoneke ngati akumuyankha. Philo Vance, katswiri wofufuza milandu mufilimuyi, akuganiza kuti mawu achikaziwo anali a bambo yemweyo, atawachepetsa dala.

Mpaka apa ndi nthano chabe, ndipo si nthano yokhayo ya nthawi imeneyo yogwiritsa ntchito makina ojambula mawu pobisa wakupha. Chomwe chimandibwezera kufilimuyi ndi chakuti chinyengo chomwe Spotswoode anachitira mboni, Paramount inachitiranso aliyense amene anagula tikiti. Nkhope ya Canary ndi ya Louise Brooks. Mawu ake si a Brooks. Ngakhale m'zigawo zomwe mtsikanayo ali moyo, akuseka, akuopseza amuna pafoni, amene tikumumva ndi mkazi wina, Margaret Livingston. Kuti timvetse momwe zinafikira pamenepa, tibwerere m'mbuyo chaka chimodzi ndi theka.

Kufikira 1927 mafilimu anali osayankhula. Sikuti muholo munkakhala chete: kunkakhala woimba piyano kapena gulu lonse la oimba pansi pa chinsalu, ndipo zoyankhula za osewera zinkalembedwa pamakhadi omwe ankaonetsedwa pakati pa zithunzi. Mu October 1927 kampani ya Warner Bros. inatulutsa The Jazz Singer, momwe Al Jolson ankaimba ndi kuyankhula m'zigawo zingapo, ndipo anthu anakhamukira kukaonera. Mu July 1928 kampani yomweyo inatulutsa Lights of New York, filimu yoyamba yaitali yoyankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njira ya Warner, yotchedwa Vitaphone, inali ya mbale: chimbale chachikulu cha mainchesi 16 chinkazungulira limodzi ndi makina oonetsera, ndipo singano ikangodumpha, pakamwa pa wosewera ndi mawu ake zinkasiyana njira. Kampani ya Fox inali ndi njira ina, Movietone, yomwe inkajambula mawu ngati kamzere ka kuwala m'mbali mwa filimu yeniyeniyo. Njira yotere ndi yomwe inadzapambana. Mu May 1928 makampani ena akuluakulu, kuphatikizapo Paramount ndi MGM, anasaina mgwirizano wogwiritsa ntchito zipangizo za Western Electric.

Vuto linali lakuti makampaniwa anali kale ndi mafilimu osayankhula omwe anali atawathirira ndalama zambiri, ena atatha, ena ali pakati. The Canary Murder Case inali imodzi mwa amenewa. Malcolm St. Clair anaijambula yosayankhula chakumapeto kwa 1928. Akuluakulu a Paramount ataona kumene mphepo ikulowera, analamula kuti zigawo zambiri zijambulidwenso ndi mawu, ndipo ntchitoyi anaipereka kwa Frank Tuttle. Osewera anaitanidwanso. William Powell, wosewera mbali ya Vance, anabwera, Jean Arthur anabwera, Eugene Pallette anabwera. Louise Brooks anakana.

Brooks anali ndi chifukwa chake. Kontirakiti yake itafika poti ikonzedwenso, mkulu wa situdiyo, B. P. Schulberg, anamuuza kuti ndalama zowonjezera palibe: akhale pa madola 750 a pa sabata omwewo kapena aone msewu. Nthawi imeneyo makampani ankagwiritsa ntchito mantha a osewera, poti palibe ankadziwa ngati mawu ake amveka bwino pamakina atsopanowa, kuti achepetse malipiro. Brooks anasankha msewu. Anakwera sitima yapamadzi kupita ku Ulaya, komwe wotsogolera mafilimu G. W. Pabst ankamufuna ku Berlin kuti akasewere Lulu mufilimu ya Pandora's Box. Atabwerako, Paramount inamupempha kuti apite ku Hollywood akajambule mawu a Canary. Olemba mbiri yake amati anamulonjeza mpaka madola 10,000, koma iye sanatekeseke. Situdiyo inabwezera moipa: inafalitsa mbiri yoti mawu a Brooks samveka bwino pamaikolofoni. Linali bodza, ndipo aliyense amene wamva mawu ake m'mafilimu ochepa oyankhula omwe anadzachita pambuyo pake angavomereze, koma bodzalo linamumatirira. Ena amati mtsikanayo anataya bomwetamweta chifukwa cha makani. Ine ndimaona kuti akanatsala ku Hollywood, bwenzi lero tilibe Lulu uja amene dziko limamukumbukira naye.

Tsono situdiyo ikanatani ndi wosewera amene dzina lake lili pamapositala koma mwini wake wakana? Anatenga Margaret Livingston, yemwe anthu ankamudziwa kale monga mkazi wa m'tauni wosokoneza banja mufilimu ya Sunrise ya 1927. Livingston anayankhula mawu onse a Canary. Pamene panafunika zithunzi zatsopano, anamuveka wigi yakuda yodula mofanana ndi tsitsi lotchuka la Brooks, n'kumujambula chakumbuyo kapena chapatali. Mukaonera mwachidwi mphindi zoyambirira za filimuyi, misoko yake imaonekera poyera. Canary akayamba kuyankhula, kamera imathawa pankhope pake. Imapita kwa mwamuna amene akumvetsera, imaonetsa msana wa mtsikanayo, imaonetsa chithunzithunzi pakhoma. Pamene nkhope ya Brooks yaonekadi akuyankhula, milomo ndi mawu sizigwirizana bwinobwino. Ife amene tinazolowera mafilimu achikunja omwe anyamata amaikamo mawu a Chichewa m'mavidiyo a m'misika, zoterezi sizitidabwitsa: timadziwa kuti nkhope ndi ya wina, mawu ndi a wina, ndipo timasangalala nazo choncho. Koma woonera wa 1929 anagula tikiti kuti akamve Louise Brooks akuyankhula.

Chifukwa chomwe ntchitoyi inaonekera yosalongosoka chagona pa zipangizo za nthawiyo. Lero mawu a filimu amalukidwa pambuyo: zoyankhula, nyimbo, phokoso la galimoto, chilichonse panjira yake, kenako n'kuziphatikiza pakompyuta. Mu 1928 luso lophatikiza mawu ojambulidwa padera linali likadali lakhanda, ndipo kukopera mawu kuchoka pena kupita pena kunkawonjezera phokoso la fwiii. Choncho pafupifupi chilichonse chinkayenera kujambulidwa nthawi imodzi. Maikolofoni anali olemera, osamva patali, koma otola kaphokoso kalikonse kosafunika. Ankawabisa m'maluwa a patebulo, kuseri kwa foni kapena kuwapachika pamwamba, ndipo wosewera ankayenera kuima pafupi n'kuyankhula pang'onopang'ono. Kamera inkalira ikamazungulira, motero inatsekeredwa m'kachipinda ka galasi kutsogolo, momwe wojambula ankatuluka thukuta ngati ali mu uvuni. Kamera yomwe chaka chapitacho inkayendayenda momasuka inangoti njo pamalo amodzi. Nyale zakale zinkachita phokoso, ndiye zinasinthidwa. Liwiro la filimu nalo linakhazikitsidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, chifukwa likasinthasintha mawu amapotoka. Mafilimu a m'maholo amayendabe pa liwiro limeneli mpaka lero.

Ku Britain, Alfred Hitchcock anakumana ndi vuto lofanana mu 1929 pojambula Blackmail, yomwenso inayamba ngati filimu yosayankhula. Wosewera wake wamkulu, Anny Ondra, anali wa ku Czechoslovakia ndipo Chingelezi chake sichinkamveka ngati cha mwana wa wogulitsa m'sitolo wa ku London. Hitchcock anaimika mtsikana wina, Joan Barry, pambali pa kamera ndi maikolofoni, kuti aziyankhula pamene Ondra akungogwedeza milomo. Kusiyana kwake n'kwakuti Ondra analipo, akanatha kutsatira mawu a mnzakeyo. Paramount inkayesa kulumikiza mawu atsopano kunkhope yomwe inajambulidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, mwini nkhopeyo ali kutali ndipo alibe nazo ntchito.

Apa m'pamene pali yankho la funso lomwe anthu oonera mafilimu akale amafunsa: n'chifukwa chiyani zaka zoyambirira za mafilimu oyankhula zinadzaza ndi nkhani za kupha, za apolisi ndi za m'khoti? Filimu yachiwiri yoyankhula yonse ya Warner, The Terror ya 1928, inali ya chigawenga chosadziwika m'nyumba yakale. Kunabwera On Trial, kunabwera The Trial of Mary Dugan, kunabwera The Thirteenth Chair, ndi zina zambiri. Taganizirani zomwe kamera yotsekeredwa ndi maikolofoni obisika m'maluwa zingakwanitse. Sizingathamangitse akavalo m'chipululu. Koma zingajambule bwino amuna asanu atakhala pamipando mu ofesi ya wozenga milandu, wina akufunsa, ena akunama. Nkhani yofufuza wakupha ndi yomangidwa ndi zimenezi: chipinda chimodzi, mafunso, mayankho, ndi kufotokoza kwa katswiri kumapeto. Chomwe chinali kufooka kwa zipangizo chinagwirizana ndi mtundu wa nkhani.

Palinso mbali ina. Filimu yosayankhula inkavutika ndi nkhani zotere. Kulingalira kwa wofufuza ndi mawu okhaokha, ndipo mawu ochuluka chotero pamakhadi amasandutsa filimu kukhala buku lowerengera pakhoma. Komanso bodza limamveka bwino m'mawu kusiyana ndi m'malemba: kadodoma pang'ono, kumeza mate, kuyankha mofulumira kwambiri. Nanga taganizirani chinyengo cha galamafoni chija mufilimu yosayankhula. Mfuu ya Canary ikanakhala khadi lolembedwa, kutanthauza kuti opanga filimu akungokuuzani kuti mkazi wakuwa. Mufilimu yoyankhula palibe amene akukuuzani. Mwamva nokha. Mwasanduka mboni limodzi ndi mnyamata wa pakhomo uja, ndipo Vance akadzaliza mbaleyo kumapeto, mumazindikira kuti khutu lanu lomwe ndi limene linakupusitsani. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene mawu anapatsa nkhaniyi chinthu chomwe ngakhale buku lake linalibe.

Bukulo linatuluka mu 1927, lolembedwa ndi S. S. Van Dine, dzina lobisalira la Willard Huntington Wright, yemwe poyamba ankalemba zounika zojambulajambula ndi mabuku. Linagulidwa kwambiri. Maziko ake ndi mlandu weniweni wa Dot King, mtsikana wa ku Broadway, dera la zisudzo, amene anapezeka atafa m'nyumba mwake ku New York mu March 1923, ndipo wakupha sanapezeke mpaka lero. Van Dine anapatsa owerenga chimene apolisi analephera kupereka: dzina la wolakwa. Filimu inasintha zina. Inapatsa Spotswoode mwana wamwamuna, Jimmy, amene Canary akufuna kukwatiwa naye mokakamiza pomuopseza kuti aulula zoti anaba ndalama kubanki ya bambo ake. Motero kupha kuja kukusanduka kwa kholo loteteza mwana, ndipo woonera amamvako chisoni. Pambali pake pali amuna ena atatu omwe mtsikanayo ankawadyera ndalama powaopseza, Cleaver, Mannix ndi dokotala Lindquist, onse anaoneka akuzungulirazungulira nyumbayo usiku womwewo. Palinso Tony Skeel, mwamuna wake wakale, amene anabisala mukabati ya zovala n'kuona zonse, kenako n'kuyesa kugulitsa chinsinsicho kwa wakupha. Naye anakanyangidwa pakhosi.

Njira yomwe Vance amapezera wolakwa ndi yomwe ine sindigwirizana nayo kwenikweni. Iye sakhulupirira zidindo za zala kapena zizindikiro za pansi, zomwe Sajeni Heath amadalira. Amati mlandu uliwonse uli ndi khalidwe la mwini wake, monga momwe chithunzi chimaululira amene anachijambula. Choncho akusonkhanitsa oganiziridwawo kuti asewere njuga ya makhadi, iye n'kumaona mmene aliyense akubetchera. Wina ndi wamantha, wina ndi wopupuluma, wina ndi wosamala mopyola. Mmodzi yekha akubetcha zonse ali ndi makhadi awiri okha a nambala 2, nkhope ili phee, ndipo Vance akuti munthu wolimba mtima chotero ndi amene angaike moyo wake pambale ya galamafoni. Kukhoti umboni wotere sungapite patali. Opanga filimu ankadziwa, n'chifukwa chake Spotswoode akufa pangozi ya galimoto ali pa ulendo wokaulula, ndipo Vance akukakamizika kupeza umboni wogwirika kuti apulumutse Jimmy, amene wavomera mlandu pofuna kuteteza bambo ake. Koma monga chiwonetsero cha filimu yoyankhula, njugayo inagwa m'mbale: anthu atazungulira tebulo limodzi, maikolofoni ali pakati pawo, palibe woyenera kusuntha.

Amene anapindula kwambiri ndi zonsezi ndi William Powell. M'mafilimu osayankhula, maso ake ogona ndi kandevu ka pamlomo zinkamupatsa mbali za anthu oipa. Koma anali atachokera kuzisudzo za pasiteji, ndipo mawu ake anali osalala, odekha, a munthu wophunzira amene sathamangira kanthu. Maikolofoni anamukonda. Anali atayankhula kale mu Interference, filimu yoyamba yoyankhula yonse ya Paramount ya November 1928, koma Vance ndi amene anamusandutsa ngwazi. Anabwereza mbaliyi mu The Greene Murder Case mu 1929, The Benson Murder Case mu 1930, ndi The Kennel Murder Case mu 1933. Yomalizayi, yomwe Michael Curtiz anatsogolera ku Warner Bros., ndi yoyenera kuionera motsatizana ndi ya Canary. Papita zaka zinayi zokha, koma kamera yatuluka m'kachipinda kaja, zigawo zikuthamanga, anthu akuyankhula ngati anthu. Mu 1934 Powell anasewera wofufuza wina, Nick Charles, mu The Thin Man, ndipo dzina lake linakhazikika. Filimu imodzi yomweyo inakweza mwamuna chifukwa cha mawu ake enieni, n'kugwetsa mkazi chifukwa cha mawu omwe sanali ake.

Pali chinthu china chomwe mawu anabweretsa chimene sindingachilambalale. Mboni ija, mnyamata wa pakhomo, ndi munthu wakuda, ndipo anamupanga kukhala wachibwibwi kuti azungu oonera aziseka. Oscar Smith ndi amene anasewera mbaliyi. Hollywood itangopeza maikolofoni, inayamba kugawa mayankhulidwe monga inkagawira kale nkhope: Chingelezi chosalala kwa bwana, Chingelezi chokhakhala kwa wapolisi wamba, chibwibwi ndi mantha kwa wantchito wakuda. Chowawa n'chakuti mlandu wonse waima pa umboni wa munthu ameneyu, ndipo iye sananame. Ananena zomwe anamva. Amene ananama ndi bwana woyankhula bwino uja.

Kodi filimuyi ndi yabwino? Kunena zoona, ndi yolemera kuyenda. Chiyambi chake n'chokongola: Brooks atavala nthenga, akuuluka pakatungwe pamwamba pa anthu oonera zisudzo, kamera ikusonyeza mmodzimmodzi amuna omwe akumuyang'ana ndi mantha kapena ndi chidani. Chigawo chimenechi n'chotsalira cha filimu yosayankhula ija, ndipo chili ndi moyo. Canary akangofa, mkati mwa mphindi 20 zoyambirira, timalowa m'maofesi momwe amuna ovala masuti akuyankhula mosinthana, aliyense kudikira kuti mnzake amalize kaye, ndipo pakati pa mawu pamamveka fwiii wa makina. Jean Arthur, amene mawu ake okhakhala pang'ono anadzamutchukitsa m'zaka za m'ma 1930, pano sanapatsidwe chochita chenicheni. Koma kwa wofuna kuona malire a nyengo ziwiri, sindikudziwa malo ena omwe amaonekera bwino chonchi, poti mungathe kuloza ndi chala kuti apa ndi St. Clair, apa ndi Tuttle. Kuyambira pa 1 January 2025, mafilimu a 1929 alibenso mwini pa malamulo a ku America, choncho filimuyi imapezeka mosavuta pa intaneti.

Brooks anabwerera ku Ulaya, anachita Diary of a Lost Girl ndi Pabst mu 1929, kenako Prix de beauté ku France, yomwe inatuluka mu 1930. Nayonso inajambulidwa yosayankhula n'kuikidwa mawu pambuyo, ndipo kachiwiri mkazi wina, tsopano Mfalansa, ndi amene anayankhula m'malo mwake. Atabwerera ku Hollywood anangopeza timbali ting'onoting'ono, ndipo filimu yake yomaliza inali ya anyamata a pa akavalo ya 1938, momwe munalinso John Wayne. Anadzatchukanso atakalamba mumzinda wa Rochester ku America, kudzera m'zolemba zake zomwe zinasonkhanitsidwa m'buku la Lulu in Hollywood mu 1982, zaka zitatu asanamwalire.

Prix de beauté imathera m'kachipinda koonetsera mafilimu. Mtsikana amene Brooks akusewera wakhala pampando, akuonera zithunzi zake zoyeserera momwe iye akuimba. Mwamuna wake wansanje akulowa mwakachetechete n'kumuwombera. Mutu wake ukugwera chagada, kuwala kwa makina kukuphethira pankhope pake, ndipo pachinsalu pamwamba pake mtsikana yemweyo akupitiriza kumwetulira ndi kuimba nyimbo yake mpaka kumapeto, ndi mawu a munthu wina.